Kugula tikiti ya sitima ya cruise kuchokera ku Malawi

Kugula tikiti ya sitima ya cruise kuchokera ku Malawi ndi kulipira ulendo wokasangalala pa nyanja yamchere ku kampani ya dziko lina, pamene wogulayo sakhala m'dziko lomwe tikitiyo ikugulitsidwa. Dziko la Malawi silinachite malire ndi nyanja yamchere, choncho Mmalawi aliyense wofuna ulendo wotere amayenera kukakwerera kunja. Madoko apafupi kumene sitimazi zimanyamukira chaka ndi chaka ndi Durban ndi Cape Town, ku South Africa.

Mtengo umene makampani amalengeza amauwerengera munthu wokhala pafupi ndi doko, amene ali ndi ndalama ya dzikolo m'thumba ndipo akutetezedwa ndi malamulo a dzikolo. Munthu wochokera kutali, monga ku Kasungu, amasenza yekha zinthu zina zinayi: kupeza ndalama zakunja, kukonza pasipoti ndi viza, kukafika ku doko pa nthawi yake, ndiponso kudandaula kunja kwa dziko lake ngati zinthu zalakwika. Pa zinayi zimenezi ndi pomwe anthu ambiri amatayira ndalama.

Cruise ndi chiyani

Cruise ndi ulendo wa pa sitima yapamadzi umene cholinga chake ndi kusangalala, osati kungowoloka. Sitimayo imakhala ngati hotela yoyandama. Muli zipinda zogona, malo odyera, madamu osambiramo, masitolo, malo oonera zisudzo komanso kachipatala. Sitima zikuluzikulu zimanyamula anthu 2,000 mpaka oposa 5,000. Kawirikawiri sitima imayenda usiku, n'kuima pa doko kapena pafupi ndi chilumba masana kuti anthu atsike akaone malo, kenako imabwerera ku doko lomwe inanyamukira.

Zipinda zilipo zamitundu ingapo. Chotchipa kwambiri ndi chamkati chopanda zenera. Kenako pali chokhala ndi zenera, chokhala ndi khonde loyang'ana kunyanja, ndi zipinda zikuluzikulu zodula. Mtengo wolengezedwa nthawi zambiri umakhala wa munthu mmodzi pamene anthu awiri akugona m'chipinda chimodzi. Woyenda yekha amalipira ndalama yoonjezera.

Maulendowa kummwera kwa Africa

Kampani yomwe imadziwika kwambiri pa maulendowa m'chigawo chino ndi MSC Cruises. Kampaniyi ndi ya gulu la Mediterranean Shipping Company, lomwe linayambitsidwa ndi Gianluigi Aponte wa ku Italy mu 1970, ndipo likulu lake lili ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Chaka chilichonse kampaniyi imatumiza sitima ku South Africa cha mu Novembala, ndipo sitimayo imakhala kumeneko mpaka cha mu Malichi kapena Epulo isanabwerere ku Ulaya. Zina mwa sitima zomwe zagwirapo ntchito kumeneko ndi MSC Opera, MSC Musica, MSC Orchestra ndi MSC Splendida. Ku Durban anthu amakwerera pa nyumba yotchedwa Nelson Mandela MSC Cruise Terminal, imene mtsogoleri wa dzikolo, Cyril Ramaphosa, anaitsegulira mwamwambo mu Novembala 2023.

Maulendo ambiri ochokera ku Durban amatenga masiku awiri mpaka asanu ndipo amapita ku Mozambique. Malo odziwika ndi Portuguese Island, kachilumba ka pafupi ndi Inhaca kufupi ndi mzinda wa Maputo, ndiponso Pomene m'chigawo cha Inhambane. Maulendo ataliatali amakafika ku Mauritius ndi ku Réunion. Ochokera ku Cape Town amakonda kupita ku Walvis Bay, m'dziko la Namibia. Makampani ena a ku Ulaya ndi ku America amaimanso pa madokowa akamadutsa pa maulendo awo ataliatali.

Nyanja ya m'chigawochi ili ndi mbiri ya ngozi. Pa 4 Ogasiti 1991 sitima ya Oceanos, imene inkachokera ku East London kupita ku Durban, inamira pafupi ndi gombe la Wild Coast. Anthu onse 571 omwe anali m'sitimamo anapulumutsidwa. Ngozi ina yomwe inasintha malamulo inachitika ku Italy pa 13 Januwale 2012, pamene sitima ya Costa Concordia inagunda mwala ndipo anthu 32 anafa. Masiku ano lamulo limati aliyense wokwera aphunzitsidwe zochita pa ngozi sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka kumene.

Chifukwa chake amafunsa dziko lokhalamo

Makampani a cruise amagawa dziko lapansi m'misika. Ulendo umodzi womwewo umatha kukhala ndi mtengo wina pa tsamba la intaneti la ku South Africa, wina pa tsamba la ku Britain, ndi wina pa tsamba la ku United States. Ndalama yolipirira imasiyananso: randi, mapaundi kapena madola. Malamulo obwezera ndalama ulendo ukalephereka amasiyana chimodzimodzi.

Pa chifukwa chimenechi, wogula amafunsidwa dziko limene amakhala, ndipo funsoli ndi losiyana ndi funso la unzika. Mmalawi amene amakhala ku Johannesburg ndi chilolezo chovomerezeka angathe kuwerengedwa ngati wokhala ku South Africa, pamene m'bale wake wa ku Kasungu sangawerengedwe choncho ngakhale onse awiri ali ndi pasipoti ya Malawi. Mitengo ina yotsitsidwa imakhala ya okhala m'dzikolo okha. Makampani ena amalemba mu mgwirizano kuti ali ndi ufulu wothetsa tikiti kapena kulipiritsa mtengo wonse akapeza kuti wogula ananama za kumene amakhala. Munthu amene walemba adiresi ya mnzake wa ku Durban kuti apeze mtengo wotsika akhoza kufunsidwa umboni pa tsiku lokwera.

Tikiti ya cruise ndi mgwirizano wa malamulo. Mgwirizanowu umanena dziko limene khoti lake lingazenge mlandu pakabuka mkangano, ndipo dzikolo silikhala Malawi. Sitima zambiri zimalembetsedwa m'mayiko ngati Panama, Malta ndi Bahamas, ngakhale eni ake ali kwina. Chipukuta misozi cha munthu wovulala kapena wotayikiridwa katundu nthawi zambiri chimakhala ndi malire, motsatira pangano la mayiko lomwe linasainidwa ku Athens mu 1974. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limamva madandaulo a ogula m'dziko la Malawi, koma ndi kovuta kuti likakamize kampani yomwe ilibe ofesi m'dzikoli. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu ena amagulira kudzera kwa ejenti wa maulendo wolembetsedwa ku Malawi, amene angathe kumupeza ndi kumufunsa.

Ndalama zakunja ndi nyengo ya fodya

Boma la Kasungu, lomwe linali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018, ndi limodzi mwa maboma olima fodya kwambiri. Fodya ndiye mbewu imene imabweretsa ndalama zakunja zambiri ku Malawi kuposa ina iliyonse. Alimi a m'bomali amagulitsa mabelo awo ku okushoni ya Chinkhoma, kummwera kwa tawuni ya Kasungu, kapena ku Kanengo mu Lilongwe. Mitengo pa msika imatchulidwa m'madola a ku America, koma alimi ambiri amalandira makwacha ku banki, atachotseredwa ngongole za feteleza, ndalama ya mayendedwe ndi misonkho. Mlimi amene fodya wake wabweretsa madola m'dziko, akafuna kulipira kampani yakunja amayenera kukapemphanso madolawo ku banki monga wina aliyense.

Ndalama zakunja zimagulitsidwa ndi mabanki ndi mabungwe ena amene ali ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Wopempha ndalama ya ulendo amafunsidwa pasipoti ndi umboni wa ulendowo. Kwa zaka zingapo tsopano ndalama zakunja zakhala zikusowa, moti pempho limatha kudikira nthawi yaitali, ndipo mabanki ena amaika malire pa ndalama yomwe khadi la Visa kapena Mastercard lingalipire kunja. Kugula madola pamsika wosavomerezeka ndi kuphwanya lamulo, komanso mtengo wake umakhala wokwera kwambiri.

Vuto lalikulu limabwera chifukwa cha mmene tikiti imalipiridwira. Wogula amapereka dipoziti pobukitsa malo, ndipo ndalama yotsala imafunika patatsala miyezi iwiri kapena itatu kuti ulendo uyambe. Pakati pa masiku awiriwa mphamvu ya kwacha ikhoza kugwa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Munthu amene anatsala ndi ngongole ya madola 1,000 ankayembekezera kulipira K1,180,000, koma tsiku lotsatira anafunika K1,700,000. Kampani yakunja siichotsera munthu ngongole chifukwa chakuti ndalama ya kwawo yagwa. Akalephera kumaliza kulipira pa tsiku lomwe anagwirizana, malo ake amaperekedwa kwa wina ndipo dipoziti kawirikawiri siibwezedwa.

Nyengo ya sitimazi siigwirizananso ndi ntchito ya kumunda. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo ndipo umatenga miyezi ingapo, choncho ndalama zimapezeka m'nyengo yozizira, pamene sitima zabwerera ku Ulaya. Sitima zikamafika ku Durban mu Novembala, ku Kasungu anthu amakhala akuyembekezera mvula kuti awokere fodya kuchokera ku nazale. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nthawi yothyola ndi kupachika m'zigafa. Mwini esiteti amene wagula tikiti mu Julayi amakhala kuti walipira ulendo umene udzamuchotse pa munda pa nthawi yomwe ntchito ikumufuna kwambiri. Alimi ang'onoang'ono ambiri sangakwanitse n'komwe mtengo wa ulendo wotere.

Pasipoti ndi viza

Pasipoti imaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, imene ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Mangochi. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo chifukwa makina a kompyuta anasokonezeka, ndipo anthu ambiri analephera maulendo awo. Kampani ya sitima siibweza ndalama kwa munthu amene walephera kukwera chifukwa pasipoti yake sinatuluke. Makampani ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo kuchokera tsiku lomaliza ulendo, komanso ikhale ndi masamba opanda chidindo. Dzina lolembedwa pa tikiti liyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi la pa pasipoti.

Mmalawi wokacheza safuna viza kuti alowe ku South Africa kwa masiku 30. Safunanso viza pokacheza kwa masiku ochepa ku Mozambique, Namibia ndi Mauritius. Koma chilumba cha Réunion ndi gawo la dziko la France, ndipo Mmalawi amafunika viza kuti afike kumeneko. Apa ndi pomwe anthu osakhala m'dziko la kampani amalakwitsa. Malangizo olembedwa pa tsamba la kampani nthawi zambiri amanena za eni dzikolo, osati za nzika za mayiko ena. Udindo wofufuza viza ya doko lililonse uli kwa wokwera. Kawirikawiri kampani imakana munthu wopanda viza yofunika kukwera sitima, ngakhale atanena kuti sadzatsika pa dokolo.

Sitima ikachoka ku Durban kupita ku Mozambique ndiye kuti wokwera watuluka m'dziko la South Africa, choncho pasipoti yake imaonedwa ndi akuluakulu oona zolowa ndi kutuluka. Kuyambira mu 2014, munthu amene wapyola masiku omwe anapatsidwa ku South Africa amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Lamuloli limakhudza Amalawi ambiri amene anakagwirako ntchito ku Joni. Munthu amene chiletso chake sichinathe sangafike ku Durban ngakhale atalipira tikiti yonse.

Maulendo a ku Ulaya ndi ku America ndi ovuta kuposa apa. Sitima za pa nyanja ya Mediterranean zimafuna viza ya Schengen, nthawi zina yololeza kulowa kangapo. Zonyamukira ku Southampton zimafuna viza ya ku Britain, ndipo zonyamukira ku Miami zimafuna ya ku United States. Mu Ogasiti 2025 boma la United States linayamba kufuna kuti nzika za Malawi ndi Zambia zopempha viza yokacheza zizipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000.

Ulendo wopita ku doko

Kuchokera ku Kasungu kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Pa bwalo la ndege la Kamuzu International Airport pamanyamuka ndege zopita ku Johannesburg, ulendo wa maola awiri ndi theka. Kuchokera ku Johannesburg kupita ku Durban ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa N3, kapena ola limodzi pa ndege. Oyenda pa basi amatulukira pa chipata cha Dedza kapena Mwanza, n'kudutsa Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge. Ulendo wa pa basi umatenga nthawi yoposa tsiku limodzi ndipo nthawi yodikira pa zipata siidziwika.

Ulendo wonsewu suli mu tikiti ya cruise. Sitima imanyamuka pa ola lomwe linalembedwa ndipo zitseko zimatsekedwa nthawi isanakwane. Ndege ikachedwa kapena basi ikaonongeka pa msewu, sitima siidikira, ndipo wochedwayo amawerengedwa ngati sanabwere. Ndalama yake yonse imapita. Pa chifukwa ichi ogulitsa maulendo amalangiza anthu ochokera kutali kuti azifika mu mzinda wa doko tsiku limodzi kapena awiri sitima isananyamuke, zomwe zimaonjezera ndalama ya malo ogona. Pa ulendo waufupi wa masiku atatu kapena anayi, ndalama ya ndege ndi malo ogona ikhoza kuposa mtengo wa tikiti ya sitima.

Zomwe zili mu mtengo ndi zomwe mulibe

Mtengo wa tikiti umaphatikiza chipinda, chakudya cha m'malo odyera akuluakulu ndi zisudzo zambiri. Misonkho ya pa doko nthawi zina imalembedwa padera. Zakumwa zambiri, intaneti, kuchapitsa zovala, maulendo okaona malo pamtunda ndi kuonana ndi dokotala wa m'sitima zimalipiridwa padera. Palinso ndalama yothokozera antchito imene imawerengedwa pa munthu aliyense usiku uliwonse. M'sitima simugwiritsidwa ntchito ndalama yapamanja pogula zinthu. Wokwera amapatsidwa khadi la sitima lomwe limalumikizidwa ku khadi lake la ku banki kapena ku ndalama yomwe wasungitsa. Kwacha siilandiridwa. Khadi la ku banki ya ku Malawi likakana kulipira ali pakati pa nyanja, munthu amasowa pogwira ngati sanatenge madola kapena randi.

Inshuwalansi ya ulendo ndi yofunika kuiwerenga bwino. Ina yomwe imagulitsidwa pamodzi ndi tikiti imateteza okhala m'dziko la kampaniyo okha, kapena imayamba kugwira ntchito munthu akafika pa doko. Wochokera ku Malawi amafunika inshuwalansi yoyambira tsiku lomwe wachoka kwawo, yolipira chipatala cha kunja komanso kumubweza ku Malawi akadwala kwambiri kapena akamwalira. Makampani ambiri salola mayi woyembekezera amene mimba yake idzakhale itafika masabata 24 pa nthawi ya ulendo.

Kusintha ndi kulephereka kwa ulendo

Miyezi yomwe sitima zimakhala ku Durban ndi nyengo ya anamondwe pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Namondwe Idai mu Malichi 2019 ndi namondwe Freddy mu 2023 onse anabwera m'nyengo imeneyi. Mgwirizano umapatsa woyendetsa sitima mphamvu yosintha njira kapena kudumpha doko chifukwa cha nyengo. Ku Portuguese Island sitima imaima patali ndipo anthu amatsikira pa maboti ang'onoang'ono. Mafunde akakula palibe amene amatsika, ndipo nthawi zambiri tikiti siibwezedwa pa chifukwa chimenechi.

Wogula akasintha maganizo, ndalama yomwe amataya imakula tsiku la ulendo likamayandikira, mpaka kufika potaya yonse m'masiku omaliza. Kampani ikathetsa ulendo yokha imabweza ndalama ya tikiti, koma siibweza ya ndege kapena hotela yomwe munthu anagula payekha. Mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa sitima padziko lonse, makampani ambiri anapereka chikalata chodzakwerera ulendo wina m'malo mwa ndalama. Kumayambiriro kwa 2022 kampani ya Crystal Cruises inasiya ntchito eni ake atagwa pa chuma, ndipo makasitomala anadikira nthawi yaitali kuti apeze ndalama zawo. Mayiko ngati Britain ndi United States ali ndi njira zotetezera ndalama za ogula kampani ikagwa, koma chitetezocho chimadalira kumene tikiti inagulidwa kapena doko lonyamukira.

Chinyengo

Pa Facebook ndi WhatsApp pamapezeka anthu olengeza maulendo a cruise pa mtengo wotsika, n'kumauza anthu kuti atumize ndalama pa foni ku nambala ya munthu. Tikiti yeniyeni imakhala ndi nambala yobukitsira imene wogula angathe kuiona yekha pa tsamba la kampani ya sitima, pamodzi ndi dzina lake, tsiku ndi mtundu wa chipinda. Ejenti woona amakhala ndi ofesi yodziwika ndi chiphaso cha bizinesi, amapereka lisiti, ndipo amalandira ndalama mu akaunti ya kampani. Magulu amene amasonkha ndalama n'kupereka kwa munthu mmodzi kuti awagulire onse amakhala pa chiopsezo ngati aliyense sanaone nambala yake.

Maulendo a pa nyanja ya Malawi

Ulendo wa pa sitima umene Mmalawi angaulipire m'makwacha popanda pasipoti ndi wa pa nyanja ya Malawi. Sitima ya MV Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubweretsedwa m'zidutswa, ndipo inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951. Imanyamukira ku Monkey Bay kulowera kumpoto, n'kumaima m'malo monga Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. Ilala si sitima ya cruise, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kunyamula anthu ndi katundu pakati pa madoko ndi zilumba. Komabe ili ndi zipinda zingapo zogona, ndipo alendo ochokera kunja amaikwera pofuna kuona nyanja. Kwa alendo amenewo, mafunso a ndalama, viza ndi kafikidwe ku doko ndi omwewo amene munthu wa ku Kasungu amakumana nawo akafuna kukakwera sitima ku Durban.